Kalata kwa Makolo: Za Kope Lolembamo Maganizo pa Zimene Mwana Wawerenga

Okondedwa makolo ndi nonse amene mukulera ana a pasukulu pano,

Landirani moni wochokera kwa ine ndi aphunzitsi onse pamene tikutsekera teremu yoyamba. Zotsatira za mayeso mwaziona pa sukulu lipoti imene mwana wabwera nayo, choncho sindizibwereza muno. Ndalemba kalatayi kuti ndikufotokozereni za kope limodzi limene ana a Sitandade 4 mpaka 8 akhala akulembamo teremu ino, chifukwa abwera nalo kunyumba patchuthi, komanso chifukwa ena mwa inu munafunsa pamsonkhano wa makolo ndi aphunzitsi kuti bwanji kopelo lilibe malikisi pamene aphunzitsi amaliona sabata iliyonse.

Kuyambira mu 2016, Unduna wa Zamaphunziro wakhala ukuyendetsa ndondomeko ya National Reading Programme m'sukulu za pulaimale za boma, kuti mwana wa Sitandade 1 mpaka 4 adziwe maliwu a malembo ndi maphatikizo, kenako aziwerenga mosadodoma. Ntchito imeneyi ndi yofunika ndipo tikuigwira ndi mtima wonse. Koma ife amene timakhala ndi ana m'kalasi timaona kuti sizithera pomwepo. Mwana amatha kuimirira n'kuwerenga ndime yonse mokweza osaphonya liwu, koma mukatseka buku n'kumufunsa kuti nkhaniyo ikukamba za chiyani, amangozyolika. Akafika Sitandade 5, kumene maphunziro ambiri amayamba kuphunzitsidwa m'Chingerezi, mwana wotere amathawira koloweza, ndipo kulowezako kumamugwiritsa fuwa lamoto pa mayeso a PSLCE amene bungwe la MANEB limalembetsa mu Sitandade 8, popeza kumeneko amakumana ndi nkhani imene sanaionepo, n'kufunsidwa kuti ayankhe mafunso ndi kulemba chimangirizo chochokera m'mutu mwake.

Kopeli tinaliyambitsa pofuna kuthana ndi vuto limeneli. Mwana akatha kuwerenga, amalemba tsiku ndi mutu wa zimene wawerengazo, kenako amalemba maganizo ake m'mawu akeake. Timamupatsa mafunso omutsogolera, monga akuti: Chakukhudza kwambiri n'chiyani? Ndi pati pamene sunamvetse? Ukanakhala iwe, ukanachita chiyani? Zimenezi zikukukumbutsa chiyani cha kwanu? Sakakamizidwa kuyankha onse, ndipo mizere isanu yochokera mumtima timaikonda kuposa tsamba lonse lokopera m'buku.

Masabata oyamba ana ambiri ankangokopera, chifukwa anazolowera kuti yankho lolondola limakhala m'buku kapena pabolodi. Zinayamba kusintha ataona kuti mphunzitsi sakuchonga kapena kuthetha, koma akuwayankha ndi funso lina pansi pa zimene alemba. Mnyamata wina atawerenga nthano ya Kalulu analemba kuti iye sakuona nzeru mwa Kalulu, akuona munthu wodyera anzake masuku pamutu, ndipo aphunzitsi ake anamufunsa kuti nanga n'chifukwa chiyani makolo athu ankakonda kutisimbira za iye. Mtsikana wina atawerenga za malungo anafunsa chifukwa chake anthu ena amatenga masikito amene alandira kuchipatala n'kukatchingira dimba. Palibe buku limene linawapatsa mafunso amenewa. Anachokera mwa ana enieniwo, ndipo kwa ine ndi umboni wakuti nkhaniyo inalowa, sinangodutsa pakamwa.

Apa ndi pamene pagona yankho la funso lanu la malikisi. Kalembedwe koyenera ka mawu ndi malamulo a chiyankhulo timakonza m'makope a Chichewa ndi Chingerezi, ndipo kumeneko sitinyengerera. Koma mwana akadziwa kuti chilichonse chimene walemba chidzadulidwa ndi cholembera chofiira, amasiya kunena zimene akuganiza n'kuyamba kulemba zimene akuganiza kuti aphunzitsi akufuna kumva. Amabisanso pamene sanamvetse, chonsecho mphunzitsi amafunitsitsa kudziwa malo omwewo kuti akonze phunziro lotsatira. N'chifukwa chakenso timalola mwana kulemba m'Chichewa ngakhale nkhani imene wawerenga ili ya m'Chingerezi. Ndikudziwa kuti ena mwa inu simungakondwe nazo, poti mukufuna kuti ana adziwe Chingerezi msanga, ndipo inenso ndikufuna zomwezo. Komabe mwana amene wafotokoza bwino m'Chichewa nkhani ya m'Chingerezi waonetsa kuti Chingerezicho wachimva, pamene wokopera ziganizo za m'buku sanationetse kanthu.

Patchuthi pano tikupempha kuti mwana aliyense azilembamo kosachepera kawiri pa sabata. Ndikudziwa kuti ino ndi nyengo ya dzinja, ndipo ana akufunika kumunda pa ntchito yopalira ndi kuthira feteleza. Sitikupempha kuti asiye kuthandiza, koma kuti muziwapatsa kanthawi masana kapena madzulo kusanade, makamaka atsikana, amene kawirikawiri akachoka kumunda amapitiriza ndi kutunga madzi ndi kuphika pamene alongo awo akupuma.

Za chowerenga musadandaule. Mabuku a m'kalasi amene amakonzedwa ku Malawi Institute of Education ku Domasi ndi ochepa moti ana amawerengera limodzi, n'chifukwa chake sitingabwereke aliyense, koma pakhomo sipasowa cholembedwa. Buku lopatulika la chipembedzo chanu, buku la nyimbo, nyuzipepala yakale, kapepala ka malangizo kochokera kuchipatala kapena kwa alangizi a zaulimi, zonsezi n'zoyenera. Amene mungapite kutauni kumene kuli nthambi ya National Library Service, mutengeni mwana akaone. Ngakhale nthano imene agogo asimba madzulo mwana akhoza kulembapo maganizo ake mawa lake.

Makolo amene simunapeze mwayi wophunzira kuwerenga, musadzione ngati mulibe gawo pa ntchitoyi. Muuzeni mwana akufotokozereni zimene wawerenga, ndipo mumufunse ngati akugwirizana nazo ndi chifukwa chake. Mwana amene wayamba wakamba ndi kholo lake savutika kupeza cholemba. Chimene tikukana ndi chakuti akulu ake kapena wina aliyense amulembere, chifukwa aphunzitsi amadziwa kalembedwe ndi kaganizidwe ka mwana wawo, ndipo zolembedwa ndi wina sizimuthandiza. Mukafuna kuwerenga zimene walemba, yambani mwamupempha, ndipo musamuseke kapena kuziwerenga pagulu, popeza ana ena amalembamo zinthu zimene zikuwapweteka mumtima.

Chonde kopeli lisungidwe mujumbo kuti lisanyowe ndi mvula, ndipo masamba ake asang'ambidwe kuti akulungire mandasi, apichire fodya kapena alembepo ngongole. Mwana aliyense abwere nalo tsiku lotsegulira teremu yachiwiri, lomwe talilemba pa sukulu lipoti, chifukwa sabata yoyamba aphunzitsi adzayambira pa zimene ana alemba patchuthi. Amene muli ndi funso kapena dandaulo pa nkhaniyi mukhoza kudzandipeza ku ofesi, kapena kudzera kwa a komiti ya sukulu ndi a gulu la amayi.

Ndikufunirani tchuthi chabwino ndi mvula yokwanira m'minda mwanu.

Ine wanu,

Mphunzitsi Wamkulu