Zotsatira za sayansi zizitiuzanso pamene mwana anayambira

A Mkonzi,

Ndiloleni ndinenepo pa momwe timaonera zotsatira za mayeso a sayansi m'boma la Lusaka. A bungwe loona za mayeso la Examinations Council of Zambia (ECZ) akamaliza kuchonga, a nduna ya zamaphunziro amalengeza kuchuluka kwa ana amene akhoza, ndipo m'minibasi makolo amayamba kugawa masukulu: iyi ndiye sukulu, iyo n'kotayira ana. Ine ndinaphunzitsa sayansi m'komboni mpaka kupuma pantchito, ndipo ndikuti kagawidwe kameneka n'kokondera.

Sukulu imene ili ndi cut-off point yokwera (malikisi ofunika kuti mwana alowepo) imatenga ana amene anakhoza kale bwino m'mayeso a m'mbuyo. Anawo akakhozanso, chodabwitsa n'chiyani? Koma tinene kuti mtsikana wina wa ku Kanyama walowa sekondale akupeza malikisi 30 pa 100 mu Integrated Science, chingerezi cha funso chikumuvuta kuposa sayansi yeniyeniyo. Mphunzitsi walimbana naye mpaka wafika pa 55. Pamndandanda sukulu yake ikhalabe kumunsi, mphunzitsiyo n'kuitanidwa kuti afotokoze chimene chalakwika, pamene mnzake amene analandira ana a 80 n'kuwatulutsa ndi 80 yemweyo akuomberedwa m'manja. Wagwira ntchito ndani pamenepa?

Chimene ndikupempha si chodula. ECZ ili ndi malikisi a mwana aliyense kuyambira mayeso a Giredi 7. Ofesi ya DEBS, mkulu wa zamaphunziro m'boma lino, ikhoza kutenga malikisi amene ana analowa nawo pasukulu, kuwaika pambali pa amene atuluka nawo, n'kutiuza sukulu zimene zikukweza ana ndi zimene zikungowasunga. Aonetsenso ana angati analembetsa koma sanafike m'chipinda cha mayeso, chifukwa ife aphunzitsi timadziwa kuti chiwerengero chimakongola mwana wofooka akasowa.

Chiwerengerocho chizibweranso ndi nkhani yake. Maphunziro aulere atayamba mu Januwale 2022, ana anabwera mwaunyinji, ndipo ine ndinakondwa, pakuti ambiri anali atakhala pakhomo chifukwa cha fizi. Koma walira mvula walira matope. Boma linalembadi aphunzitsi opitirira 30,000 chaka chomwecho, komabe makalasi ena a ku Chawama ndi ku Matero ngodzaza moti mphunzitsi safika kumbuyo kukaona kope. Mu 2024 kolera inachedwetsa kutsegulira sukulu mpaka Febuluwale, kenako madzi atachepa kudamu la magetsi la Kariba magetsi ankazima pafupifupi tsiku lonse. Mwana wa chaka chimenecho ankawerenga ndi tochi ya foni ya mayi ake, ngati inali yotchaja.

Nanga labotale? Pamene ndinkaphunzitsa panali maikulosikopu imodzi yogwira ntchito. Ana ankaima pamzere kuti aone khungu la anyezi, aliyense kasekondi pang'ono, belu n'kulira ena asanafike. Otsalawo ankajambula selo kuchokera pabolodi. Asidi ndinkawaonetsa ndi madzi a mandimu ndi soda wophikira therere, zogula ndi ndalama ya m'thumba mwanga, ndipo phunziro limenelo ndi limene sankaliiwala. Ena mwa ana omwewo ankapita ku mpikisano wa sayansi wa ana a sukulu wa JETS ndi sefa ya madzi yopanga ndi mchenga ndi makala, koma zimenezi sizioneka pamndandanda uliwonse.

Silabasi yatsopano inayamba ndi Fomu 1 mu 2025, choncho ino ndiyo nthawi yabwino yoyambira kulemba pamene gulu limeneli layambira. Makhansala ndi makomiti a CDF (ndalama za chitukuko cha m'dera la phungu) nawonso, akamagula madesiki, afunse a DEBS sukulu zimene zakweza ana popanda zipangizo, ndipo maikulosikopu oyamba apite kumeneko.

Ine wanu,
Mphunzitsi wa sayansi wopuma,
Chawama, Lusaka