Kalata yotseguka kwa a Sipikala: ukwati wa zipani uzikhala ndi ankhoswe

Olemekezeka a Sipikala a Nyumba ya Malamulo,

Landirani moni wochokera kuno ku Tsangano m'boma la Ntcheu, kwathu kwa mbatatesi ndi mphepo yoluma zala. Ndine mphunzitsi wopuma pantchito. Ndakhala ndikuvota kuyambira pa riferendamu ya pa 14 Juni 1993, ndipo palibe chisankho chomwe chidandiphonya. Sindikulemba m'malo mwa chipani chilichonse. Ndikulemba chifukwa voti yomwe timaponya ife anthu akumudzi ikafika ku Lilongwe imasochera, ndipo Nyumba yomwe mukuitsogolera ndi yomwe ili ndi mphamvu zoibwezera m'njira.

Pa 21 Meyi 2019 ndidali monitala pasukulu ina kuno kwathu. Ndimakumbukira gogo wina yemwe adafika kusanache, atafunda zitenje ziwiri, ndodo m'manja. Pepala la aphungu lidali lalitali, nkhope zili ndandanda mpaka m'munsi. Adalowa m'kachipinda, adachonga, adatuluka akuyang'ana inki pachala chake ngati mphete yatsopano. Usiku tidawerenga mavoti ndi nyali, tikuunjika milu pa desiki za ana. Mulu wa yemwe adapambana udali wotalikirako pang'ono chabe kuposa wa mnzake. Milu ina yonseyo mukadaiphatikiza ikadaukwirira. Koma lamulo limati amene watsogola, ngakhale ndi voti imodzi, watenga mpando, ndipo ena onsewo abwerere kwawo chimanjamanja. Ndimadzifunsa mpaka lero kuti voti ya gogo uja idali mu mulu uti, ndipo ngati idali mwa yotsalayo, ndani adamuyankhulira m'Nyumba zaka zonse zija.

Pa chisankho chomwecho a Peter Mutharika adalengezedwa kuti apambana ndi mavoti pafupifupi 39 pa 100 aliwonse. Khoti lidathetsa zotsatirazo pa 3 Febuluwale 2020, nkunenanso kuti mtsogoleri wa dziko azipeza mavoti oposa theka, 50+1 yomwe tonse tidailoweza ija. Khoti la Supreme lidagwirizana nazo mu Meyi chaka chomwecho. Koma chigamulocho chidakonza mpando umodzi wokha. Mipando ya m'Nyumba yanu, yomwe idali 193 ndipo tsopano ndi 229, ikusankhidwabe mwakale. Denga tidafolera mbali imodzi, mbali inayo ikudonthabe.

Taonani mmene Nyumba idaonekera mu 2019. DPP idapeza mipando 62, MCP 55, oima paokha 55, UDF 10, PP 5, UTM 4, AFORD umodzi. Malemu a Saulos Chilima, mwana wa kuno ku Ntcheu yemwe tidamuika m'manda ku Nsipe mu Juni 2024, adapeza mavoti oposa 1 miliyoni pa mpando wa pulezidenti, munthu mmodzi mwa asanu aliwonse amene adavota. Chipani chawo cha UTM chidalowa m'Nyumba ndi anthu anayi. Ndikudziwa kuti pepala la pulezidenti ndi la phungu n'zosiyana, ndipo munthu atha kuchonga uku kwina uku kwina. Komabe kusiyana kwa 1 miliyoni ndi mipando inayi n'kwakukulu kwambiri moti sitingakubise pansi pa mphasa. Zomwezi zimagwera wa MCP wokhala ku Thyolo, wa DPP wokhala ku Dowa, wa UDF wokhala ku Rumphi. Amaima pamzere tsiku lonse akudziwa kuti voti yawo ya phungu sipita kulikonse. Kenako timadabwa kuti chifukwa chiyani zipani zathu zili ndi zigawo zake ngati mitundu ya nyemba, ndi chifukwa chiyani atsogoleri amangosamalira kumene amakolola mipando.

Tsono 50+1 idabweretsa chinthu china chomwe malamulo athu sadachikonzekere. Chipani chimene chikuona kuti sichingakwanitse theka pachokha chimafunsira anzake. Ndi mmene mgwirizano wa Tonse, wa zipani zisanu ndi zinayi, udapambanira pa 23 Juni 2020 ndi mavoti pafupifupi 59 pa 100. Anthu adavotera mgwirizano, koma pangano lake sadalione. Mu Julaye 2022 a Chilima adaima pamaso pa atolankhani nkufotokoza zomwe amati zidali m'panganolo, a mbali inayo nkunena zosiyana, ndipo ife eni mavoti tidangokhala kukamwa yasa, opanda pepala loti tiwerenge tokha. Pofika Julaye 2024, UTM idatuluka.

Ine ndakhala nkhoswe wa maukwati ambiri a ana a alongo anga. Kwathu kuno ukwati suyambira kuseri kwa nkhokwe. Akuchimuna ndi akuchikazi amakhala pansi masana dzuwa likuswa mtengo, anthu akuona, ndipo zomwe agwirizana zimanenedwa mokweza. Tsiku lomwe banjalo lagwedezeka, mwina mayi wasonkhanitsa ziwiya zake usiku, sitifunsa mwamuna yekha kapena mkazi yekha kuti mudapangana chiyani. Timaitana ankhoswe, chifukwa iwo adalipo ndipo akudziwa. Ndaonapo maanja atakhazikika chifukwa chakuti munthu wachikulire wanena kuti, "Ayi bambo, si zimene tidamvana tsiku lija." Nanga ukwati wa zipani, womwe umanyamula feteleza wathu, mankhwala a m'zipatala zathu ndi ngongole za dziko lonse, ukhale bwanji wongolowana usiku wopanda mboni?

Matendawa sadayambe dzulo. Mu 1994 UDF idapeza mipando 85 mwa 177, osakwana theka, choncho idakokera AFORD m'boma ndipo a Chakufwa Chihana adakhala wachiwiri wina wa pulezidenti. Mu 1996 adatula pansi udindowo, koma nduna zina za chipani chawo zidakakamira m'boma. A Bingu wa Mutharika adalowa kudzera ku UDF mu 2004, nkuituluka mu Febuluwale 2005 kukayambitsa DPP, aphungu nkuyamba kukhamukira komweko. Mukukumbukira mmene bajeti inkachedwera mu 2007 ndi 2008 chifukwa cha mkangano wa gawo 65 la malamulo aakulu a dziko, lonena kuti phungu wosiya chipani chake nkulowa china ataye mpando, ife aphunzitsi tikugona ndi mtima m'mwamba poganizira malipiro. Mu Epulo 2012 a Bingu atamwalira, mtsinje womwewo udatembenukira ku PP. Nthawi zonsezi boma limapeza chiwerengero chake m'Nyumba chisankho chitadutsa kale, pokambirana ndi phungu mmodzimmodzi m'zipinda zomwe ife sitilowamo. Phungu woima payekha gawo 65 silimugwira. Amatiuza pa msonkhano kuti alibe chipani, kenako timamva pa wailesi kuti "anthu a kwawo amuuza kuti agwire ntchito ndi boma". Sindidaitanidwepo ku msonkhano wotero, ngakhale kamodzi. Ndipo gawo 64, lomwe linkatipatsa mphamvu yomuchotsa phungu nthawi yake isanathe, lidafufutidwa mu 1995, aphungu eni ake ndiwo adalichotsa.

Pempho langa loyamba ndi la ankhoswe. Pakhale lamulo loti zipani zikagwirizana, kaya chisankho chisanachitike kaya chitachitika, pangano lawo lilembedwe, liperekedwe kwa mlembi wa zipani yemwe lamulo la zipani la 2018 lidamukhazikitsa, ndipo lisindikizidwe m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Chiyao ndi m'zilankhulo zina kuti aliyense aliwerenge. Linene zomwe adzachite akalowa m'boma, mmene adzagawanire maudindo, ndi njira yomwe adzatsate akasemphana. Ku Kenya mapangano a zipani amaperekedwa kwa mlembi wa zipani mwalamulo, choncho si chinthu chochokera kumwamba. Phungu woima payekha naye akafuna kulowa chipani, abwerere kuno adzatipemphenso voti atavala malaya atsopanowo.

Lachiwiri ndi lolemerapo, ndipo ndikudziwa kuti likhudza mipando ya anthu omwe mumawayang'ana tsiku ndi tsiku. Nyumba ifanane ndi mmene anthu avotera. Sindikufuna kuti titaye phungu wa dera. Munthu wakumudzi amafuna kudziwa khomo loti agogode mlatho ukakokoloka. Koma pali njira yosunga zonse ziwiri. Ku Lesotho, kuyambira 2002, Nyumba yawo ili ndi mipando 120: mipando 80 ndi ya madera ngati kwathu kuno, ndipo 40 imagawidwa kwa zipani pofuna kuti chipani chilichonse chikhale ndi gawo lolingana ndi mavoti omwe chapeza m'dziko lonse. New Zealand idayamba njira yofanana nayo mu 1996. Mwanjira imeneyi voti ya gogo uja, ngakhale munthu wake atagwa kuno, ikawerengedwabe kwinakwake. Sindikupempha mipando yowonjezera. Mipando 229 ndi yambiri kale kwa dziko losauka ngati lathu, moti gawo lina la yomweyo ndilo lingasandulike logawira zipani.

Ndisabise, walira mvula walira matope. Njira imeneyi imachititsa kuti kawirikawiri pasakhale chipani chokhala ndi theka chokha, ndipo ku Lesotho maboma amgwirizano adagwa motsatizana mpaka anthu omwe adavota mu 2012 adavotanso mu 2015 ndi 2017. Vuto lina n'lakuti mndandanda wa maina ukasiyidwa m'manja mwa akuluakulu a chipani, udzadzaza ndi achibale ndi oimba m'manja. N'chifukwa chake mapempho awiriwa ayenera kuyendera limodzi, ndipo mndandanda uzituluka poyera chisankho chisanafike, maina a amayi ndi abambo akusinthana. Koma kwathu kuno boma lopanda theka m'Nyumba takhala nalo kale kangapo. Kusiyana kwake n'kwakuti lero chiwerengerocho chimasokedwa mumdima, pomwe ine ndikufuna chizisokedwa masana.

Maganizo ena ali kale m'mashelefu mwanu. Mu 2017 bungwe lounika malamulo, motsogozedwa ndi a Jasitisi Anthony Kamanga, lidapereka lipoti la malamulo a chisankho. Lidalimbikitsa 50+1, komanso mpando umodzi wa amayi m'boma lililonse mwa maboma 28. Mu Disembala chaka chomwecho Nyumba idakana mabilo a kusinthaku, ngakhale a mipingo kudzera ku PAC adachonderera. Patangotha zaka ziwiri ndi miyezi yochepa, 50+1 yomweyo idalowa kudzera kukhoti, dziko litadutsa m'miyezi ya zionetsero, masitolo otsekedwa ndi utsi wokhetsa misozi. Sindikufuna adzukulu anga adzadutsenso momwemo kuti Nyumba isinthike.

Nthawi yabwino ndi ino, chisankho cha pa 16 Seputembala 2025 chili kumbuyo ndipo cha 2030 chikadali patali, pamene palibe amene akudziwa kuti lamulo latsopano lidzakomera yani. Ndikupemphani, a Sipikala, kuti nkhaniyi muipereke ku komiti ya zamalamulo ya Nyumba yanu, ndipo komitiyo isakathere m'mahotela a m'mbali mwa nyanja. Ibwere pa Ntcheu boma, ibwere pa Lizulu tsiku la msika pamene alimi a kabichi ndi tomato asonkhana, ikwere mtunda mpaka kuno ku Tsangano, idzafunse anthu m'chilankhulo chawo. Mukatidziwitsa tsiku, ine ndidzauza a mfumu, tidzasesa pabwalo, ndipo mabenchi tidzabwereka kusukulu.

Ndine wanu,
Mphunzitsi wopuma pantchito,
Tsangano, Ntcheu.