Achinyamata aphunzitsidwenso ntchito ya kuseri kwa siteji

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhuleko kudzera m'nyuzipepala yanu za anthu amene saoneka sewero likakhala mkati, amene oonera sawadziwa ngakhale mayina. Ndine wophunzira, ndipo chaka chathachi ndinatha miyezi isanu ndikuphunzira kukonza siteji kwa bambo wina wachikulire amene anayamba ngati kalipentala, koma kwa zaka zambiri akhala akupangira magulu a zisudzo zipupa, zitseko ndi mipando.

Ndinapita kwa bambowa ndili wokhumudwa, chifukwa sindinapatsidwe mbali m'sewero la gulu lathu, ndipo kutumizidwa kuseri ndinkakuyesa chilango. Tsiku loyamba sanandigwiritse hamala kapena sowo. Anandipatsa sewero lolembedwa kuti ndiliwerenge katatu, ndilembe khomo lililonse limene munthu akulowera kapena kutulukira, chinthu chilichonse chimene akunyamula, ndiponso nthawi imene nkhani ikuchitika, kaya m'mawa kaya usiku. Kenaka tinalowa m'holo ndi tepi yoyezera, ndipo titayeza siteji anandituma ndiyezenso khomo la holoyo, poti iwo anaonapo anthu atakhoma chipupa chokongola kunja n'kulephera kuchilowetsa.

Asanadule thabwa ndi limodzi lomwe, anandiuza ndipange kasiteji ka makatoni, momwe sentimita 1 inkaimira masentimita 25 a siteji yeniyeni. Wotsogolera sewero ataweramira kasitejiko anaona yekha kuti bedi limene ankalifuna pakati likanatchinga khomo lolowera mayi wa m'nkhaniyo, ndipo tinangolisuntha ndi chala popanda kuwononga ndalama. Zipupa zimene tinapanga pambuyo pake zinali mafelemu opepuka okutidwa ndi nsalu yokokedwa bwino, ochirikizidwa kumbuyo ndi matabwa opendekera ndi matumba a mchenga. Penti wonyezimira anandiletsa, chifukwa amabweza kuwala m'maso mwa oonera. Titaimika zonse ananditumiza kukakhala pa mpando wa kumapeto kwenikweni kwa mzere woyamba, kenaka wa kumbuyo kwa holo, kuti ndione ngati munthu wokhala pamenepo akuona nkhope za ochita sewero, komanso ngati sakusuzumira kuseri kumene anzathu amavalira.

Za magetsi ndi zimene zinandidabwitsa koposa. Babu likakhala pamwamba penipeni pa mutu wa munthu, maso ake amalowa mumthunzi ndipo oonera sadziwa ngati akulira kapena akuseka. Likawala kuchokera pansi, nkhope imaopsa ngati ya mzukwa. N'chifukwa chake kuwala kumachokera kutsogolo, chapamwamba, mbali zonse ziwiri. Ndinaona ndi maso anga chitenje chofiira chimene telala anachisoka mosamala chikuoneka chakuda pamene tinachiwalitsa ndi babu lobiriwira, ndipo kuyambira tsikulo nsalu iliyonse tinkayamba taiyesa m'holo tisanaidule. Anandiphunzitsanso kusadzaza mababu ambiri pa chingwe chimodzi kuopa moto, kuyesa jenereta oonera asanalowe, ndi kusunga tochi m'thumba.

Kulakwa ndinalakwa ndithu. Tsiku lina poyeserera, kalata imene nkhani yonse inatsamirapo inasowa, mnzathu n'kuima pa siteji chimanjamanja. Bambowa sanandikalipire. Anatenga choko, najambula pa tebulo la kuseri malo a chinthu chilichonse, kuti malo opanda kanthu azindiuza okha chimene chasowa. Anandipatsanso kope lolembamo mawu amene akanenedwa magetsi azime, ng'oma ilire kapena mpando uchoke. Pa mpikisano umene tinapitako, tinasintha chipinda chogona kukhala bwalo la amfumu mumdima, titavala zakuda, popanda phokoso, ndipo oonera anaomba m'manja. Mphoto zinapita kwa amene anasewera, olemba ndi otsogolera, zomwe zinali zoyenera, koma dzina la mmisiriyu silinatchulidwe ndi aliyense.

Ndikuganiza kuti chizolowezi chimenechi chili ndi gwero lake. Zisudzo za masiku ano m'dziko muno zinakulira pamsewu ndi m'maholo a sukulu. Mpikisano wa ATEM, wa zisudzo za m'Chingerezi wa sukulu za sekondale, unayamba kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, gulu loyendayenda la Chancellor College linayamba mu 1970, ndipo Du Chisiza Jr, amene anakhazikitsa gulu la zisudzo la Wakhumbata mu 1987, anayenda ndi gulu lake m'matauni ambiri mpaka pamene anatisiya mu 1999. Gulu loyenda silinganyamule nyumba, choncho tebulo, mipando iwiri ndi nsalu imodzi zinkakwanira, ndipo mphamvu yonse inali m'pakamwa ndi m'thupi mwa wosewera. Zimenezi zinatipatsa akatswiri amene mpaka lero timawakumbuka, monga Gertrude Kamkwatira, John Nyanga ndi Eric Mabedi, ndipo sindikunena kuti sewero lopanda zipupa ndi loperewera. Nkhawa yanga ndi yakuti ngakhale mpando umodziwo umafunika munthu wodziwa poyenera kuuika ndi kouwalitsira, ndipo anthu odziwa zimenezi akukalamba opanda owasiyira.

Luso limeneli silingaphunzitsidwe pa bolodi pokha, chifukwa limalowa kudzera m'manja ndi m'maso, wophunzira ali pambali pa mmisiri. Sukulu zambiri za sekondale zili pafupi ndi kalipentala, telala kapena wokonza magetsi, ndipo mphunzitsi woyang'anira kalabu ya zisudzo angathe kupempha mmodzi wa iwo kuti atenge ana awiri kapena atatu nthawi yokonzekera mpikisano, pompatsa kangachepe. Atsikana asasiyidwe ku zovala zokha, popeza m'gulu lathu amene ankayeza matabwa molondola kuposa tonse anali mtsikana. Okonza mipikisano ya sukulu ndikuwapempha kuti pakhale mphoto ya siteji yokonzedwa mwanzeru, osati yodula, kuti sukulu zakumudzi zogwiritsa ntchito nsungwi, mikeka ndi masaka zipikisane mofanana ndi za m'tauni. Bungwe la TEVETA, limene kuyambira 1999 limayang'anira maphunziro a ntchito zamanja, lingathe kukambirana ndi aphunzitsi a zisudzo ku University of Malawi kuti ophunzira ukalipentala ndi zamagetsi adziwe kuti siteji nayonso imalemba ntchito, osati pa sewero pokha, komanso pa zoimbaimba, pa misonkhano ikuluikulu ndi pa wailesi ya kanema.

Bambo amene anandiphunzitsawa maso ayamba kuwavuta, ndipo zonse zimene amadziwa sanazilembe paliponse. Ine ndayamba kupita kwao Loweruka lililonse ndi kope langa, koma ndikanakonda tikanakhala ambiri.

Wophunzira wokonda zisudzo,
Zomba