Za pasta ya zigoba imene ukufuna kuphikira apongozi ako

Mwana wanga wokondedwa,

Uthenga wako ndaulandira. Kuno tonse tili bwino, bambo ako akuti moni. Ndamva kuti apongozi ako akubwera Loweruka, ndipo wasankha kuwaphikira conchiglioni, pasta ikuluikulu ya zigoba ija yoika zinthu m'kati, koma ukuopa kuti idzawalemera m'mimba poti apongozi aamuna ali ndi BP. Kuwaganizira koteroko ndakondwa nako. Chimene ndikukana ndi chija wanena chogula tchizi zochotsedwa mafuta. Usatero. Tchizi zimenezo zikalowa mu uvuni zimauma n'kumatafunika ngati mphira, ndipo alendo adzadya mongokulemekeza.

Chakudya chimenechi chimalemera chifukwa chounjika: nyama yogaya, kirimu, tchizi yofewa ya ricotta yambiri, pamwamba tchizi ina ya mozzarella yokwirira mbale yonse. Masisitere a ku Italy amene ndinkawaphikira ku mishoni sankachita zimenezo. Iwo ankadzaza zigoba ndi ricotta ndi sipinachi basi, ndipo masamba ankachuluka kuposa tchizi. Iwenso uchite chomwecho. Pa zigoba 24 utenge ricotta ya magalamu 250, sipinachi yaiwisi ya magalamu 500, dzira limodzi, tchizi ya Parmesan yopala ya magalamu 40, tsabola wakuda ndi chokometsera cha nutmeg pang'ono. Ricotta imapangidwa kuchokera ku madzi otsala popanga tchizi zina, n'chifukwa chake ilibe mafuta ambiri ngati cheddar. Parmesan ndi wa mchere komanso fungo lamphamvu, choncho wochepa amakwanira, ndipo m'zoikazo usathirenso mchere wina. Pamenepo wachepetsako mchere poganizira BP ya apongozi.

Tsopano umve bwino za masamba, chifukwa ambiri amalephera pomwepa. Sipinachi ndi madzi okhaokha. Uifwafwaze m'poto mphindi ziwiri, izizire, kenako uiike m'kansalu koyera n'kufinya ndi manja onse awiri mpaka madzi obiriwira asiye kudontha. Udzadabwa kuona mulu wonse uja wasanduka kampira kokwana m'dzanja limodzi. Ndi mmene ziyenera kukhalira. Ukachita ulesi pamenepa, madziwo adzatulukira mu uvuni, zigoba zidzasambira, ndipo udzaganiza kuti vuto ndi kuchepa kwa tchizi. Ukafinya uduledule bwinobwino, usakanize ndi ricotta ndi dzira mpaka zigwirane. Ine kuno sipinachi ikasowa ndimaika bonongwe wanthete, ndipo bambo ako, amene amati pasta si chakudya koma chodikirira nsima, amawonjezera.

Ricotta ikasowa kapena ikakwera mtengo, upange wekha chofanana nayo. Utenthetse malita 2 a mkaka mpaka utatsala pang'ono kuwira, uzimitse moto, uthire madzi a mandimu masupuni anayi kapena asanu, udikire mphindi 10 kuti ugwirane, ndiye usefe pa nsalu. Koma usatenge mkaka wokhalitsa wa m'mabokosi uja, sugwirana bwino.

Msuzi usavutike nawo. Anyezi mmodzi, adyo, mafuta a olive masupuni awiri, tomato wam'chitini zitini ziwiri za magalamu 400, uphike pa moto wochepa mpaka ulimbe. Kirimu ayi, shuga ayi.

Zigobazo uwiritse m'madzi ambiri, koma uziphule mphindi zitatu isanakwane nthawi yolembedwa pa paketi, chifukwa zikapsanso mu uvuni. Zikafewa kwambiri zimang'ambika poika zinthu. Uwiritse zingapo zowonjezera, zina zimasweka ndithu. Ukatsanula madzi uziyale pa thireyi chimodzichimodzi kuti zisamatirane. Msuzi wambiri upite pansi pa mbale yophikira, chigoba chilichonse uike supuni imodzi yodzaza, uzindanditse kukamwa kuli m'mwamba, msuzi wotsala uthire pamwamba pang'onopang'ono. Mozzarella wa magalamu 100 akwanira, womwaza apa ndi apo kuti tomato azioneka. Uphimbe ndi foyilo, uvuni ukhale pa madigiri 190, mphindi 20 chophimba, mphindi 10 chosaphimba. Ukatulutsa usathamangire kupakula, ikhale kaye mphindi 10 kuti igwirane.

Pogawa, zigoba zitatu kapena zinayi pa munthu, pambali saladi wa kabichi ndi nkhaka wothira mandimu. Mkate wa adyo uja amuna ako amaukonda ausiye tsikulo, ndi ufa pa ufa. Koma ndikuchenjeze: apongozi ako ndi anthu a kwathu, ndipo mbale yopanda nyama angaione ngati mwawamana. Uwotche nkhuku, uchotse khungu, uike patebulo aliyense atenge yekha. Usalengeze kuti waphika chopepuka chifukwa cha matenda awo, munthu wamkulu sakonda kukumbutsidwa za chipatala pamaso pa adzukulu.

Zigoba ukhoza kudzaziratu Lachisanu madzulo n'kusunga mu firiji zophimba bwino, Loweruka n'kungowonjezera mphindi zochepa mu uvuni poti zidzalowa zozizira. Ukatero udzapeza mpata wokhala pansi ndi alendo m'malo mothera tsiku kukhitchini. Adzukulu anga uwapatse ntchito yoika zinthu m'zigoba, asambe kaye m'manja.

Undiimbire Lamulungu mukachoka kutchalitchi.

Ndine,
Mayi ako