Lipoti la msonkhano wa zamadambo umene munandituma

A mfumu, a tcheyamani, amayi ndi abambo a komiti yathu ya dimba, zikomo pondikhulupirira. Ndinakhala nawo masiku onse awiri mu tauni ya Lilongwe, ndipo izi ndi zomwe ndatola.

Tsiku loyamba anatiphunzitsa za mtundu wina wa dambo umene pansi pake si dothi wamba ayi, koma zomera zimene zinafa kalekale nkulephera kuwola chifukwa chomira m'madzi kwa zaka masauzande. Pa Chingerezi amati peat. Malo otere ndi 3 peresenti yokha ya mtunda wa dziko lapansi, koma amasunga kaboni, amene akatuluka ngati mpweya amatenthetsa dziko, wochuluka kuposa nkhalango zonse. Ena aakulu zedi ali ku Congo. Ku Indonesia anawakumbira ngalande kuti alimepo, anauma, ndipo mu 2015 moto unanyeka pansi pa nthaka kwa miyezi, utsi mpaka kufika maiko oyandikana nawo.

Ziwerengerozo zinkangondidutsa, mpaka mayi wina wophunzitsa atatulutsa zibuma ziwiri za peat m'chidebe. Choyamba anandipatsa kuti ndifinye: madzi akuda bii anachucha mpaka m'chigongono. Chachiwiri chinali chouma, chopepuka ngati chitsononkho. Atachiyandikiza machesi sichinayake lawi, chinangofuka pang'onopang'ono mpaka nthawi ya tiyi.

Ndinafunsa ngati dambo lathu ndi lotero. Anati madambo ambiri a kuno ndi makande, koma nkhani ya madzi ndi imodzimodzi. Udzu, bango ndi mlulu zimagwira madzi a mvula nkumawatulutsa pang'onopang'ono m'chilimwe. Ukakumba ngalande yakuya, madzi onse amathawa m'dzinja momwemo. Apa ndinakumbukira ngalande yathu ija ya pakati, imene tinaikumba tokha kuti tibzale msanga chimanga cha mondokwa. Zitsime za kumtunda kwake si zija zikuyamba kuphwa mu Seputembala? Ine ndinali m'gulu la okumbawo, ndiye sindikuloza munthu chala.

Za pangano la Ramsar la 1971, loteteza madambo pakati pa maiko, anangodutsamo: m'Malawi muno analembetsa nyanja ya Chilwa ndi Elephant Marsh. Bambo wina wa ku Zomba anasimba za 2018, mabwato atangokhala pa matope ong'aluka Chilwa ataphwa. Holo yonse inati zii.

Chimene aphunzitsi anatsindika nchakuti kubwezeretsa dambo kumayamba ndi kubweza madzi, osati kubzala mitengo. Bulugamu m'dambo ndiye ayi, amamwa kwambiri. Ngalande itsekedwe m'malo angapo ndi dothi lotsendera ndi zikhomo, vetiva m'mbali. Moto wa mbewa usalowemo. Za maenje a njerwa panali mkangano, chifukwa ena ankayankhula ngati anyamata oumba njerwa alibe mimba. Ineyo ndikuona kuti tiwasonyeze malo ena tisanawaletse.

Ndalama za kaboni, zimene ena amalipira anthu oteteza malo osunga kaboni, zinatchulidwa kangapo, koma palibe ananena tsiku kapena kuchuluka kwake. Chonde tisayambe kugawana nyama ya njovu isanaphedwe.

Malisiti a thiransipoti ndapereka kwa a msungichuma, pamodzi ndi chenji. A mfumu akavomereza, ndikupempha kuti Loweruka m'mawa tikakumane pa ngalandepo ndi makasu, eni madimba a kumunsi asasowepo, chifukwa madzi tikawatsekera adzayamba kufika kwa iwowo.

Nthumwi yanu