Kwa mwana wanga amene akufuna kulowa usilikali

Mwana wanga,

Amayi ako andiuza kuti ukufuna kukalembetsa usilikali. Sindikuletsa, ndiwe munthu wamkulu ndipo ntchitoyo ndi yaulemu. Koma ndikudziwa komwe moto umenewu unayakira: mafilimu a nkhondo aja unkakhalira m'mavidiyo sho kuyambira uli wamng'ono. Ndiye ndilole ndinenepo za iwowo.

Tenga Black Hawk Down, imene unkaibwereza usiku ndi usana. Nkhondoyo inachitikadi ku Mogadishu mu Okutobala 1993. Asilikali 18 a ku America anafa, ndipo filimuyo imakuonetsa nkhope zawo, mayina awo, mantha awo. Asomali anafa mazanamazana tsiku lomwelo, koma pa kanema amangogwa ngati mapesi, wopanda dzina ndi mmodzi yemwe. Mahelikopita amene ankajambulira anabwereka ku gulu la nkhondo la America, ndipo unduna wawo wa zachitetezo umayamba wawerenga nkhani ya filimu usanabwereketse zida zake. Anajambula mwaluso, sindikana, ndipo kulira asilikali ako si tchimo. Chimandiwawa n'chakuti iwe, mwana wa kuno, unaphunzira kulira imfa za anthu akutali usanamve za anthu ako.

Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, imene akuluakulu ankaitcha ya Chiwaya, kunamenyedwa ku Karonga mu Seputembala 1914. Kuwonjezera pa asilikali a King's African Rifles (KAR), amuna pafupifupi 200,000 a ku Nyasaland anatengedwa kukhala atengatenga. Ankasenza zipolopolo ndi ufa pamutu, mapazi ali pansi, m'matope, ambiri atachita kugwidwa m'midzi mokakamiza. Ochuluka sanafe ndi mfuti ayi, anatha ndi njala, kamwazi ndi chibayo m'njira. John Chilembwe analemba kalata ku nyuzipepala chaka chomwecho kudandaula kuti amphawi akutumidwa kukafera nkhondo yosakhala yawo, n'kusiya akazi amasiye ndi ana. Ukadzapita ku Zomba, kaime pa chipilala cha KAR chija pafupi ndi Cobbe Barracks, uwerenge mayina. Anzawo obwera pambuyo pawo anakafika mpaka ku Ethiopia ndi ku Burma pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Dzina la Moyale Barracks ku Mzuzu linachokera ku nkhondo imeneyo.

Ngwazi tili nazo, ndipo si za kale zokha. Mu Novembala 2018, pafupi ndi Beni ku DRC, asilikali athu asanu ndi mmodzi, amene ankasungitsa mtendere pansi pa United Nations, anaphedwa polimbana ndi zigawenga za ADF. Mmodzi mwa iwo anali Private Chancy Chitete. Ataona msilikali wa ku Tanzania atavulala, zipolopolo zikuvumbwe, anabwerera kukam'koka n'kumuika pabwino, ndipo anawomberedwa akum'manga mabala. Mtanzaniayo anachira. Mendulo ya United Nations anakalandira ndi mkazi wake ku New York mu 2019. Ndimati ndikaganiza za mnyamata ameneyu, mtima umandiwawa komanso ndimanyada. Iye sanafere mbendera imene inkauluka pamwamba pake ngati m'filimu, anafera munthu wa dziko lina amene anagona pansi akutaya magazi.

Filimu imathera pamene nyimbo yayamba. Sikuonetsa miyezi yodikira, malungo a m'nkhalango, mkazi akuyendera ndalama za mwamuna wake m'maofesi, kapena bambo wobwerako amene sagona tulo akangomva chitseko chikumenyetsedwa.

Usanapereke makalata ako, bwera kumudzi kumapeto kwa mwezi uno. Ndalankhula ndi amalume ako aja anapuma usilikali, ndipo avomera kukhala nawe pansi. Uwafunse zonse, ngakhale za malipiro ndi za maliro. Ubwere ndi apongozi athu, chifukwa nawonso nkhaniyi ikuwakhudza.

Ndine bambo ako.