Kalata ya Abusa: Za Abale Amene Akufika Mumzinda Muno

Okondedwa mwa Ambuye,

Ndikupatsani moni m'dzina la Yesu Khristu.

Lamulungu lililonse tikapempha alendo kuti aimirire, amaimirira ambiri, koma makalata osamukira amene amafika kwa alembi a mpingo ndi owerengeka. Ena apemphera nafe chaka chathunthu osalowa mlaga uliwonse, ndipo timawadziwa dzina tsiku limene maliro awagwera, pamene akusowa galimoto yonyamula thupi kupita ku Ntcheu kapena ku Mzimba. Zimenezi zikundisowetsa tulo.

Lilongwe wakula tikuona. Likulu linasamukira kuno kuchoka ku Zomba mu 1975, ndipo kalembera wa 1977 anapeza anthu osakwana 100,000 mumzinda muno. Wa 2018 anapeza oposa 989,000. Makolo ankati mlendo ndi mame, koma awa abwera kudzakhala. Kumudzi minda yachepa, feteleza wakwera mtengo, mvula siikudalirika, tsono mnyamata amanyamula kachikwama kudzapalasa kabaza kapena kusaka ganyu. Amafikira ku Mtandire, ku Mgona, ku Kauma, kwa Chinsapo, m'kachipinda kamodzi kotchinga ndi chitenje pakati, chimbudzi chimodzi cha mabanja onse a papuloti, mayi akudzuka mdima kukaima pamzere wa madzi ndi zigubu.

Pa mfundo iyi ndilankhule ndi inu malandilodi, pakuti ambiri ndinu Akhristu athu omwe. Lendi ndi yanu, palibe akukaniza. Koma kukweza mwadzidzidzi pakati pa mwezi, kapena kuzula chitseko cha mayi wa ana chifukwa wachedwa masiku ochepa, n'kubwera ku Mgonero ngati palibe chachitika, ayi abale anga, sizoyenera. Levitiko 19:34 akutilamula kukonda mlendo monga tidzikondera eni.

Lamulo limenelo likukhudzanso ochokera ku Burundi, Rwanda ndi Congo. Mu 2023, boma litawabweza ku msasa wa othawa kwawo wa Dzaleka, ndinamva kuseka ndi mawu onyoza pakamwa pa anthu obatizidwa, ndipo mtima unandiwawa.

Ndikupempha akulu a mpingo ndi amayi a Chigwirizano kuti mwezi uno muyende khomo ndi khomo m'milaga yanu. Lembani mayina a obwera kumene, kwawo, ndi mpingo umene anachokera. Amene alibe kalata musawabweze, mubwere nawo ku ofesi Lachitatu m'mawa, tidzalembera limodzi kumipingo yawo.

Ine mtumiki wanu mwa Khristu,
Mbusa wa mpingo